Thandizeni: bulangete la mu jakuzi likuyera ndi kunyenyeka, vuto ndi mankhwala kapena?

wakuChilomoni

Moni nonse akuluakulu. Ine ndimagwira ntchito pa nyumba ina yogona alendo ku Namiwawa, ntchito yanga ndi ya panja ndi swimming pool, ndiye chaka chatha abwana anaitanitsa jakuzi ku Johannesburg, bafa lalikulu la madzi otentha lomwe anthu amakhalamo popuma, ya anthu asanu, imalowa madzi malita ngati 1,200, nkundiuza kuti nayonso ikhale mmanja mwanga. Za pool ndimazidziwa ndithu koma izi za madzi otenthazi ndi zachilendo kwa ine.

Mu June muja chiperoni chitavuta madzi amazizira kwambiri usiku ngakhale titseke ndi chivindikiro chake chachikulu chija, mayuniti amangotha ngati tikuphikira sukulu. Ndiye abwana anabweretsa bulangete la pulasitiki la buluu lokhala ndi timatuza ta mpweya, lomayala pamwamba pa madzi penipeni kenako nkutseka chivindikiro. Linathandizadi, sindinganame. Koma mkatimo mulinso kabotolo koyandama koikamo matabuleti a mankhwala ophera tizilombo mmadzi, ine ndimaikamo omwewo a mu pool oyera aja. Pano patha miyezi iwiri, bulangete layera mbali imodzi ya pakona ndipo ukaligwira pamenepo likungonyenyeka mmanja, tizidutswa take ndikutipeza mu fyuluta. Ukatsegula mmawa fungo lake mpaka misozi, komanso timapilo totsamira mutu tasuluka. Ndichotse bulangete kapena ndichotse kabotolo? Abwana akubwera kutha kwa mwezi ndipo sindikufuna adzapeze chinthu chodula chonchi chitaonongeka mmanja mwanga.

zaMapool_Limbe

Achimwene choyamba chotsani matabuleti amenewo lero lomwe, musadikire mawa. Werengani pa chigubu chake, ndikukhulupirira mupeza palembedwa trichlor. Amenewo ndi matabuleti a klorini a pool, ali ndi asidi wambiri, pH yake, muyeso wa asidi womwe umatsika asidi akachuluka, imakhala cha pa 3 pomwe madzi a jakuzi amafunika akhale pakati pa 7.2 ndi 7.8. Mu pool madzi ndi ambiri komanso ozizira ndiye tabuleti imasungunuka pang'onopang'ono, mpweya wake umapita mmwamba. Tsono inu mwaiika mmadzi ochepa a madigiri 38 nkuphimba kawiri, ikusungunuka mothamanga ndipo mpweya wa klorini ulibe kothawira. Kabotoloko pampu ikamazungulitsa madzi kamakankhidwira pakona nkukanirira pansi pa bulangete usiku onse malo amodzi, ndi pamene payerapo. Fungo lomwe likukuliritsanilo ndi lomwenso likudya timapilo, ndipo mukasuzumira kunsi kwa chivindikiro chachikulucho mupeza nako kwayamba kusuluka.

Mu kabotolo koyandama ka jakuzi mumalowa matabuleti a bromine, mankhwala ena ophera tizilombo, iyeyu amapirira madzi otentha kuposa klorini ndipo fungo lake silibaya kwambiri. Koma chonde gulani kabotolo katsopano, musaike bromine mmene munali trichlor, ndipo olo tsiku limodzi osaphatikiza matabuleti ndi klorini wa ufa uja wa HTH mu chinthu chimodzi, zimenezo zimatha kuyaka kapena kuphulika kumene. Madzi alimowo tayani, tsukani fyuluta, muyambe ndi atsopano.

Bulangete musalitaye. Dulani ndi sizasi pomwe pafumbwapo kuti pakhale kabowo kokulirapo kuposa kabotolo, kabotoloko mukamangirire ndi kachingwe ka nayiloni kuti kazikhala pa bowolo, kutali ndi timapilo komanso kutali ndi polowera madzi ku fyuluta. Kunsi kwa kabotoloko kuli kopotokola kotsegulira timabowo, yambani ndi kutsegula pang'ono zedi. Timatuza ta bulangete tiziyang'ana pansi kumadzi, kosalalako kumwamba.

mayi_aChigumula

Zomwe anena bambo a ku Limbewa ndi zoona koma ine pa kabotolo ndimasiyana nawo pang'ono. Kwathu kuno ndinakachotseratu. Vuto lake nlakuti kamakupusitsa, ukaona kakuyandama umaganiza kuti madzi ali bwino pomwe mwina matabuleti anatha kalekale kapena timabowo tatsekeka. Ine zinandionekera chaka china, alendo awiri anasamba Loweruka, pofika Lolemba anandiimbira kuti atuluka tiziphuphu tofiira toyabwa mmimba ndi mmene mumadutsa kabudula wosambira, kuchipatala anawauza kuti ndi tizilombo ta mmadzi otentha osathiridwa mankhwala okwanira. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindidzaiwala, anthu anabwera kudzapuma nkubwerera ndi matenda ochokera pakhomo panga. Nditakatsegula kabotolo ndinapeza muli phala lokhalokha louma.

Kuyambira pamenepo ndimayeza madzi mmawa uliwonse ndi timapepala toyezera tija, umaviika kamodzi nkufananiza mtundu ndi pa botolo, ndipo ndikapeza mankhwala atsika pansi pa 3 ppm, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa mankhwala mmadzi, palibe mlendo amalowamo. Alendo akatuluka ndimathira klorini wa ufa wa jakuzi, dichlor, ndi kasupuni kake, pampu ikuyenda, nkusiya chosatseka mphindi 20 kapena 30 kuti mpweya utuluke ndisanayale bulangete. Ndi ntchito inde koma mtima umakhala mmalo.

China chomwe ndikupempheni achimwene, poti kwanuko kumabwera alendo a ana. Bulangete limeneli likayalidwa limaoneka ngati pouma poti nkupondapo, mwana akaponda amalowa pansi ndipo limamukuta pamwamba, munthu wodutsa sangamuone. Ndiye musamasiye bulangete lokha popanda chivindikiro chachikulu chomanga malamba ake, ndipo anthu akamalowa lichotseni lonse mulipinde pambali, osati kungolikankhira theka ayi. Kabotolo nako kazituluka anthu akamasamba, ana amakatenga ngati chidole.

amagetsi_Ndirande

Ine za mankhwala ndisiyira anzangawa, ndingoyankhapo za mayuniti poti ndi ntchito yanga. Kutenthetsa malita 1,000 ndi digiri imodzi kumadya yuniti imodzi ndi kakusefukira, 1.16. Yanuyo ya 1,200 ikatsika madigiri 5 usiku ndiye kuti mmawa mukufunika mayuniti pafupifupi 7 kungobwezeretsa pomwe munali, ndipo hita ya 3 kW imakweza madzi amenewo madigiri awiri okha pa ola, werengani nokha mlendo adikira nthawi yaitali bwanji. Kutentha kwambiri kumathawa ndi nthunzi, ndiye bulangete likagona pamadzi nthunzi imachepa, komanso chivindikiro chachikulu chija sichimwa madzi msanga, chifukwa thovu lamkati mwake likanyowa chimalemera ngati thumba la chimanga ndipo sichisunganso kutentha. Kuchotsa bulangete nyengo yozizira ino ndi kutaya ndalama.

Koma magetsi akazima nthawi yaitali kumbukirani kuti pampu yaima, madzi sakuyenda, matabuleti akusungunukabe pamalo amodzi. Zikatero tulutsani kabotolo mukaike mu ndowa youma pamthunzi poti ana safika, magetsi akabwera mukabwezere.

wakuChilomoni

Zikomo kwambiri nonse. Ndakaona chigubu chija, palembedwadi trichlor, ndipo kunsi kwa chivindikiro kwayamba kuyera pakona pomwepo ngati mmene mwanenera bambo a ku Limbe. Kabotolo ndatulutsa, madzi ndikutaya mawa mmamawa tithirire kapinga akakhalitsa kaye osatseka. Mayi aku Chigumula nkhani ya ana ija yandigwira mtima chifukwa sabata yatha ndinasiyadi bulangete lokha masana onse kuti dzuwa lizitenthetsa, ndipo panali banja la ana awiri, sindidzabwerezanso. Funso lomaliza, timapepala toyezera ta pool tomwe ndili nato tingagwire pa bromine? Nanga madzi ndizisintha pakapita nthawi yaitali bwanji?

zaMapool_Limbe

Onani pa botolo lake, timapepala tambiri timakhala ndi mizere iwiri ya manambala, wa klorini ndi wa bromine, ngati pali Br ndiye tigwira, bromine azikhala pakati pa 3 ndi 5 ppm. Onaninso deti chifukwa tikakhalitsa kapena kulowa chinyezi timanama. Madzi pakhomo pa banja amasintha miyezi itatu kapena inayi iliyonse, koma inu poti mumalowa alendo osiyanasiyana ndi mafuta odzola awo musafike kumeneko, mukaona thovu silikutha kapena madzi achita mbuu tayani basi. Hita isapitirire madigiri 40. Mukadula bowo lija tumizani chithunzi tione ngati kabotolo kakukhala bwino.