Jipi yakale yopalasa ndi timagalimoto ta Dinky: ndipente kapena ndisiye?

Wa ku Ntcheu, Randburg

Abale anga a kuno ku Joni, ndigawireni nzeru. Agogo amene ndimawasamalira dimba akusamukira kunyumba yosungirako okalamba, ndiye sabata yatha timakhuthula galaja. Kuseri kwa mashelefu kunatuluka jipi ya ana yachitsulo, ija mwana amakhala mkati n'kumapalasa ndi miyendo. Ndi yobiriwira, penti inasupuka pa boneti, kunsi kuli dzimbiri koma sikunabooke. Chiwongolero chikukhota bwinobwino, matayala onse alipo, kungoti ndodo imodzi yochokera ku pedulo kupita kumbuyo inapindika. Kutsogolo kuli kachizindikiro ka makona atatu. Anandipatsanso katoni ya nsapato yodzaza timagalimoto: ma Land Rover olembedwa Corgi ndi Lesney kunsi kwake, thiraki ya Tonka yolemera zedi, ndi kajipi ka Dinky Toys kali m'bokosi mwake. Bokosilo mbali imodzi linalembedwa m'Chiafrikaans.

Ine ndimafuna ndigule penti yopopera, jipiyo ikhale yofiira, ndiitumize kwa mwana wanga wa zaka 4 Khirisimasi isanafike. Koma bambo wina woyandikana nafe ataiona pageti anati andipatsa R1 500 pompopompo, ndipo nditatchula za penti anagwira mutu. N'chifukwa chiyani munthu angakonde dzimbiri kuposa penti yatsopano? Ndigulitse, ndipente, kapena ndisunge?

Madala a ku Rosettenville

Achimwene, pentiyo musagule kaye. Ine ndimatolera timagalimoto timeneti, makamaka ma Land Rover ndi majipi, ndipo chimene chandidzutsa pampando ndi bokosi la Chiafrikaans lija.

Dinky Toys zinkapangidwa ndi kampani ya Meccano ku Liverpool kuyambira 1934 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1979. Dziko lino la South Africa litatuluka mu Commonwealth mu 1961, msonkho wa zidole zobwera zitathatha unakwera, ndiye a Meccano anayamba kutumiza zidutswa zosapenta kuti zizilumikizidwa ndi kupentedwa konkuno. Zinachitika kwa kanthawi kochepa cha m'ma 1962 ndi 1963, kenako zina zochokera ku fakitale ya ku France mu 1966. Mitundu ya penti nthawi zambiri inkasiyana ndi ya ku England, ndipo mabokosi ankasindikizidwa konkuno. N'zochepa, ndipo otolera a kunja amazisaka. Bokosilo musaliike selotepi ngakhale litang'ambika, musalisiye padzuwa. Kwa ife, galimoto yopanda bokosi lake yataya gawo lalikulu la mtengo.

Za penti: wogula amafuna kuona chinthu monga chinachokera kufakitale. Pamene penti inasupuka, iye akuwerengapo zaka zake ndipo akutsimikiza kuti sichinakhudzidwe. Mukapopera, ngakhale mwaluso, umboni wonsewo wafufutika. Pukutani ndi kansalu kofewa ndi mswachi wouma basi. Timagalimoto ta Lesney nditomwe timatchedwa Matchbox, kampaniyo inagwa mu 1982. Onani matayala: othamanga kwambiri a pa ekiselo yopyapyala ndi a Superfast, anayamba mu 1969 pothamangitsana ndi timagalimoto ta Hot Wheels, pamene a pa ekiselo yokhuthala ndi akale kuposa apo. Corgi inayamba mu 1956 ku Swansea, ndipo inkadzitama kuti magalimoto ake ali ndi mawindo, pomwe a Dinky panthawiyo analibe.

Makona atatu aja ndi Tri-ang, ya abale atatu a banja la Lines a ku London. Kampani yawo inagwa mu 1971, ndiye jipi yanu ikuoneka kuti yadutsa zaka 50. Mfumu ya magalimoto opalasa ndi Austin J40, yomwe inkapangidwa ku Bargoed ku Wales kuyambira 1949 mpaka 1971, pafupifupi 32,000. Ankaipanga anthu amene anasiya ntchito ya m'migodi ya malasha chifukwa fumbi linawawononga mapapo. Bambo anga anabwera kuno pa Wenela, anabwerera kumudzi akutsokomola mpaka tsiku lomaliza, ndiye nkhani ya J40 imandikhudza, chifukwa kumeneko wina anaganizako zowapezera anthu oterewo ntchito yopepuka. Yanuyo si J40 ayi, koma si yopereka pageti kwa munthu woyamba kutchula mtengo.

Mayi a ku Cosmo City

Madala alankhula ngati otolera, ine ndilankhule ngati kholo. Penti yambiri ya zaka zimenezo inali ndi mtovu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana wamng'ono mwakachetechete. Wa zaka 4 amagwira chilichonse kenako dzanja mkamwa. Timagalimoto ting'onoting'onoto musamutumizire, timatayala take n'tosavuta kumeza. Jipiyonso musaikhule ndi sandipepa wouma m'chipinda chimene mumagona, fumbi lakelo ndiye loopsa kuposa penti ili phee pachitsulo.

Komabe achimwene, mwanayo mwamulonjeza kale? Ngati mwatero, musamugwiritse fuwa lamoto chifukwa cha mitengo ya pa intaneti.

Wowotcherera wa ku Booysens

Pa Dinky ndikugwirizana ndi madala. Pa jipi yopalasa ndikusiyana nawo pang'ono. Magalimoto opalasa anthu amawakonza n'kuwapentanso, ndipo ogula alipo, bola ntchito ikhale yaukhondo ndipo mtundu ukhale womwewo wa kufakitale. Chimene chimapha mtengo ndi kupopera pamwamba pa dzimbiri, mpaka matayala ndi chizindikiro zonse kufiira.

Ndodo yopindikayo ndi ntchito yaing'ono. Mapedulo ake sazungulira ngati a njinga, amakankhidwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ndodozo zimapukusa ekiselo yakumbuyo yomwe ndi yokhota dala. Musaiwongole ekiseloyo poganiza kuti inapindika! Masulani ndodo yokhayo, muiwongole pa vayisi pang'onopang'ono, muthire girizi molumikizira monse. Mwayi wanu ndi wakuti yakhala kuno kouma. Ikanakhala ya ku Durban bwenzi mphepo ya kunyanja itaidya kale pansi ponse.

Ganiziraninso ulendo. Matransipota amapanikiza katundu pa thirela, mafiriji pamwamba, matumba pambali. Pofika ku Mwanza boneti idzakhala itaphwatalala. Ndiponso timatayala tolimbato sitiyenda mumchenga wa pakhomo, mwana adzatopa msanga. Ife tinkayendetsa galimoto zamawaya mpaka kumsika chifukwa zinali zopepuka, iyi imafuna simenti.

Wa ku Ntcheu, Randburg

Zikomo nonse. Amayi, mwanayo ndinangomuuza kuti kukubwera galimoto, sindinanene iti. Ndaganiza zogulitsa thiraki ya Tonka ndi ma Land Rover a Lesney, ndalamayo ndimugulire njinga ya ana yatsopano. Jipi ndi ka Dinky ndisunga, ndipo bambo wapageti ndamuuza kuti sizikugulitsidwa. Ndayang'ana kunsi kwa kajipiko, palembedwa Universal Jeep. Madala, mtengo woyenera wa zogulitsazo ndiudziwa bwanji?

Madala a ku Rosettenville

Yang'anani pa Bob Shop, ija inali bidorbuy, ndi pa eBay, koma muone zimene zinagulidwadi, osati mitengo imene anthu akungoitanira. Lamlungu lina dutsani pamsika wa padenga pa Rosebank Mall, mufunse ogulitsa zakale awiri kapena atatu musanavomere chilichonse. Jambulani galimoto iliyonse kunsi, m'mbali ndi pamatayala. Bokosi la Dinky mulijambule mbali zonse ziwiri zotsekulira, munditumizire, ndiyerekeze ndi langa la ku England.