Ana akufuna tigobe dzungu, apongozi akuti tikunyoza chakudya. Ndithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina:
Muli bwanji nonse m'gulu muno? Ndabisa dzina chifukwa alamu anga ali momwemuno. Ndimakhala ku Leeds, ku England, ndi bambo akunyumba ndi ana awiri obadwira konkuno, mtsikana wa zaka 8 ndi mnyamata wa zaka 5. Pa 31 Okutobala kuno ndi Halloween, ndipo makomo ambiri mumsewu mwathu ayika kale maungu ogoba, oboola maso ndi mano, usiku n'kuyatsamo kandulo. Dzulo ndinagula limodzi lalikulu. Mtsikana wanga analijambula nkhope ndi cholembera, n'kuyala nyuzipepala patebulo, supuni ili m'manja, akudikira bambo ake abwere kuntchito kuti tigobe tonse.

Vuto ndi ili: apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Ntcheu mwezi watha. Ataona anangoti kukamwa yasa. Akuti dzungu ndi limene limatipulumutsa chimanga chisanakhwime, ndiye ife tiliboole maso kuti liwolere pakhomo? Anawonjezanso kuti nkhope zoyaka usiku n'zaufiti. Mwana analowa kuchipinda akulira. Bambo akewo akungoti tiona.

Mawu awo andilasa, chifukwa inenso ndinakulira maungu ophika m'mawa ndi nkhwani wotendera. Kwathu ukataya chakudya agogo amakukalipira tsiku lonse. Koma ana angawa kwawo ndi kuno, ndipo kusukulu anzawo onse azikamba za maungu awo. Amene munadutsamo, munatani kuti musanyoze akuluakulu komanso mwana asakhumudwe? Nanga dzungu logobali limadyeka?

Mayi wa ku Glasgow:
Achemwali, limadyeka ndithu, koma musayembekezere kukoma kwa akumudzi aufa aja. Awa amalimira kukula basi, ndi amadzimadzi. Ine ndimapala mnofu wam'kati ndi supuni ndisanaboole nkhope, n'kuphika supu tsiku lomwelo. Nthanga ndimatsuka, kuthira mchere, n'kukazinga. Likagona panja ndi kandulo musadyenso. Muwapatse amayiwo ntchito ya nthanga, aona okha kuti chatayika ndi chikungwa.

Bambo wa ku Dublin:
Mayi, mwambowu unachokera kuno ku Ireland ndi ku Scotland. Kale ankagoba mpiru wokhala ndi tsinde lalikulu lija, turnip, ndipo amene anasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800 anapeza kuti dzungu siliwavuta kugoba. Dzina lakuti Halloween limanena za usiku wotsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, 1 Novembala. Za mizimu zinalimo, ndisanameyi. Koma aneba anga lero amangoona ngati masewera a ana.

Mayi wa ku Lilongwe:
Ine ndiye ayi. Apongozi anuwo akunena zoona, mwana amaphunzira zimene waona pakhomo. Bwanji osangophika dzungulo n'kudya pamodzi?

Mayi wa ku Luton:
Kwathu ndife opemphera, nkhope zoopsa timakana. Timaboola nyenyezi ndi mtima, chaka chatha tinayesa nsomba. Mpeni agwire wamkulu, ana azingokokota ndi manja, amakonda zoterera zija. Mugule timagetsi tabatire m'malo mwa kandulo, zovala za ana zapatsikuli sizichedwa kugwira moto. Musafulumire kugoba, pakapita masiku ochepa limayamba nkhungu. Dziwaninso kuti mukaliyatsa pakhomo ndiye kuti mwaitana ana a mumsewu kudzagogoda kupempha maswiti. Ngati agogo sakufuna zimenezo, liyikeni patebulo m'nyumba.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ngakhale inu a ku Lilongwe ndakumvani. Madzulo ano ndinakhala nawo pansi amayi, ndawauza za supu ndi nthanga, ndiponso kuti tiboola nyenyezi ndipo silituluka panja. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anagogoda dzungulo ndi chala n'kunena kuti ili ndi lamadzi, nthanga zake mwina n'zopanda kanthu. Sanavomere, koma sanakanenso. Mtsikana wanga akukakamirabe nkhope imene anajambula kale ija. Amayi a ku Luton, inu munawauza bwanji ana anu kuti nkhope ayi?