Mwambi wa ku Japan wonena za Obon ndi Chaka Chatsopano, tanthauzo lake nlotani?

NaBanda wa ku Area 25:
Abale ndithandizeni. Kuntchito kwathu kuli mayi wina wa ku Japan, mwa anthu odzipereka a JICA aja, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, ndiye sabata yatha zinthu zinatipanikiza, alendo, malipoti, galimoto nayo kufa, zonse tsiku limodzi, iye anangoseka nkunena kuti "Bon to shōgatsu ga issho ni kita yō". Nditamufunsa anati ndi mwambi wa agogo ake, akuti zili ngati Obon ndi Chaka Chatsopano zabwera limodzi. Amadandaula kapena amasangalala? Nanga Obon-yo nchani?

Mjomba Ntcheu:
Ine ndikuona ngati ndi mapanga awiri avumbwitsa aja, kugwira ziwiri nthawi imodzi kenako zonse nkukupulumuka.

Kabudula ku Kyushu:
Ayi madala, wa mapangawo umadzudzula munthu wosakhazikika, uwu sudzudzula aliyense. Amaunena pawiri: ntchito ikachuluka mpaka kusowa popumira, komanso zabwino zikaunjikana nthawi imodzi, mwachitsanzo mwana wakhoza mayeso ndipo sabata yomweyo kwabadwa mdzukulu. Asisi mayi wanuyo amanena za kutanganidwako. Obon ndi masiku omwe amati mizimu ya makolo imabwera kudzacheza kunyumba, madera ambiri ndi pa 13 mpaka 16 Ogasiti, ku Tokyo ena amachita mu Julayi chifukwa boma litasintha kalendala mu 1873 ena anatsata deti yomweyo pomwe akumidzi anaikankha mwezi umodzi, ku Okinawa mpaka pano amatsata mwezi wakumwamba. Si holide ya boma koma makampani ambiri amatseka, anthu onse ulendo wakumudzi, sitima zothamanga kwambiri za Shinkansen kudzadza mpaka ena kuimirira.

NaBanda wa ku Area 25:
Zikomo achimwene. Koma kutanganidwako kukuchokera pati, si nthawi yopuma imeneyo?

Kabudula ku Kyushu:
Opuma ndi alendo asisi, mwini nyumba sapuma kkkk. Kukatsuka manda, kukonza kaguwa ka makolo kam'nyumba kotchedwa butsudan, wansembe wa Chibuda naye amazungulira m'makomo kudzapemphera, abale nawo ayenera kudya. Pa 13 madzulo amakoleza kamoto pakhomo koti mizimu isasochere, pa 16 amakoleza kena koiperekeza. Ku Kyoto moto woperekezawo amauyatsa pa mapiri asanu usiku wa pa 16 Ogasiti, umodzi umapanga chilembo chachikulu chooneka mzinda wonse. Chimene chimandisangalatsa ine ndi nkhaka ndi biringanya, amazibaya timitengo tinayi ngati miyendo, nkhakayo ndi hatchi yoti agogo abwere msanga, biringanya ndi ng'ombe yoti pobwerera apite pang'onopang'ono atasenza mphatso.

Gogo Chalo:
Ana inu mwasiya mutu wa nkhani. Mwambiwu mphamvu yake ili pa umphawi wa kale. M'nthawi ya Edo, zaka za 1603 mpaka 1868, anyamata ndi atsikana ogwira ntchito m'masitolo a anthu olemera ankagona konko, ndipo tchuthi ankapatsidwa kawiri kokha pa chaka, pa 16 mwezi woyamba, nyengo ya Chaka Chatsopano, ndi pa 16 mwezi wachisanu ndi chiwiri, nyengo ya Obon pa kalendala yakale, ankati yabuiri. Abwana ankawapatsa chovala chatsopano ndi kandalama kochepa nkupita kukaona amayi awo. Ndiye taganizani mwana woteroyo mumuuze kuti masiku awiriwo afika limodzi. Kumbali ya amalonda, ngongole zinkatoleredwa nthawi ziwiri zomwezo, pa Obon ndi kumapeto kwa chaka, ndiye kwa iwo kunali kuthamangathamanga. Nchifukwa chake mwambi umodzi wanyamula chimwemwe ndi chipwirikiti. Alinso ndi wina woti masiku amenewo ngakhale chivundikiro cha mphika wa ku gehena chimatsegulidwa, kutanthauza kuti ozunza akumeneko nawo amapuma, ndiye bwana usagwiritse munthu ntchito.

Mjomba Ntcheu:
Umenewo wokha ndiusindikiza ndikaupachike ku ofesi kkkk

Mai a Tadala:
Koma zimenezi si kupembedza mizimu? Ine mtima wanga sukumasuka nazo.

Gogo Chalo:
Mai a Tadala, pa kuonetsa chiliza cha malemu bambo anu simunaphike? Sindikuti nzofanana ndendende, iwowa chiyambi chake amachitenga ku nkhani ya Chibuda ya Mokuren, wophunzira wa Buddha amene anaona amayi ake akuvutika ndi njala kudziko la akufa nkuuzidwa kuti apereke chakudya kwa amonke. Amayiwo atamasulidwa akuti Mokuren anavina, ndiye pamachokera gule wa Bon Odori wovinidwa pa Obon. Ambiri ovina lero safunsa nkomwe za chipembedzo, ku Tokushima gule wa Awa Odori pa 12 mpaka 15 Ogasiti ndi chikondwerero cha mumsewu basi.

NaBanda wa ku Area 25:
Nanga amawaikira chani makolowo, mowa?

Kabudula ku Kyushu:
Ngati malemu ankamwa ena amaika ndithu. Koma makamaka madzi, tiyi wobiriwira, mpunga, zipatso ndi zotsekemera. Pali dango, timibulu ta ufa wa mpunga, ena olandirira ena operekezera. Pali ohagi, mpunga womata wokutidwa ndi nyemba zofiira za azuki zophika ndi shuga, poyamba nyemba za shuga zimadabwitsa koma pakamwa pamazolowera. Rakugan ndi touma ta ufa ndi shuga toumbidwa ngati maluwa, tokongola koma ine ayi, timauma kukhosi, ubwino wake sitionongeka ndi kutentha kwa Ogasiti komwe nkoopsa kuno. Alendo amawapatsa mizu yokan wozizira, jele wa nyemba za azuki zija, ndi mugicha, tiyi wa barele wokazinga wochokera mu filiji, wopanda shuga. Zoikidwa pa guwa zija pambuyo pake banja limadya, sizitayidwa.

Mai a Tadala:
Tiyi wozizira wopanda shuga, nyemba ndiye zashuga. Anthuwa asinthanitsa bwanji?

NaBanda wa ku Area 25:
Mawa ndikamufunsa ngati nyemba zathu za kholophethe zingatheke pa ohagi-yo, akavomera ndibweretsa zithunzi.