Kodi zigamulo za makhonsolo pa nkhani ya mfuti ku Virginia zili ndi mphamvu?

Abale amene mumadziwa malamulo a kuno ku America, ndithandizeni. Aneba anga, bambo achikulire osaka agwape, akuyenda khomo ndi khomo kumema anzawo kuti akane malamulo okhwimitsa kagulidwe ka mfuti. Dzulo anandionetsa chomata cha mtundu wa olenji chimene adavala pa 20 Januwale 2020, tsiku limene anthu pafupifupi 22,000 adasonkhana ku Richmond, likulu la Virginia, potsutsa malamulowo. Akuti makhonsolo ambiri adagamula zosalabadira malamulo oterewa. Komatu chaka chomwecho Bwanamkubwa Ralph Northam adasainabe lamulo loti munthu azigula pisitolo imodzi yokha pamwezi. Nanga zigamulo za makhonsolozo zimateteza ndani? Bambowa ndimawalemekeza kwambiri, ndipo ndikuopa kuti angadzamangidwe podalira pepala lopanda mphamvu.