Kiliniki yatsopano ku Chelstone, odwala sakuchuluka: tiyambire pati?

Kiliniki_Chelstone:
Moni nonse. Tinatsegula kiliniki ku Chelstone, mumzinda wa Lusaka, miyezi 7 yapitayi. Tili ndi dokotala mmodzi, anamwino awiri ndi labu yoyeza malungo, shuga ndi magazi. Laisensi ya HPCZ, bungwe lopereka zilolezo ku zipatala ku Zambia, tili nayo. Koma tsiku lililonse timangoona odwala 6 kapena 8, pomwe kuti lendi ndi malipiro zikwane tikufunika 20. Tinagawa timapepala 2,000 kumsika, palibe chasintha. Kodi tiike ndalama pa Facebook kapena pawailesi?

Sisitala_Matero:
A Dokotala, ndalama za wailesi zisungeni kaye. Tengani kaundula wanu muwerenge: mwa odwala omwe anabwera miyezi itatu yoyamba, ndi angati anabweranso? Ngati ali ochepa, vuto lili mkati mwa chipatala, ndipo kulengeza kungobweretsa anthu ena oti akhumudwe.

Munthu amalipira kwa inu chifukwa akuthawa mzere wa kuchipatala cha boma. Akadikira ola lathunthu pabenchi panu, sabweranso, ndipo akauza anzake. Lembani pakhadi nthawi yomwe wafika, yomwe waonana ndi dokotala ndi yomwe watuluka. Chitani izi milungu iwiri, muona pomwe nthawi ikuthera. Kawirikawiri imathera kulabu: RDT, kuyeza malungo kwachangu, imatha mphindi 15 mpaka 20, koma zotsatira zimagona patebulo popeza palibe woti azipereke kwa dokotala.

Mitengo muipachike pakhoma, pomwe aliyense angawerenge. Chomwe chimapweteka anthu kwambiri ndi kuuzidwa mtengo wina polowa, kenako kupatsidwa bilu yowirikiza potuluka. Musanayeze chilichonse, namwino anene mtengo wake kaye. Airtel Money ndi MTN MoMo zikhalepo.

Koma chuma chenicheni cha kiliniki yaing'ono ndi odwala a BP, shuga ndi mphumu, chifukwa amabwera mwezi ndi mwezi. Akhale ndi buku lawolawo: dzina, mankhwala, tsiku lobweranso. Kwatsala masiku awiri, atumizireni SMS, atavomera kaye. Mayi mmodzi wa shuga mukamusamala bwino amabwera ndi amuna ake, ana ndi apongozi omwe. Mankhwala monga amlodipine ndi metformin asamathe, chifukwa mukamutumiza kufamase kawiri, adzayamba kupita komweko osadzera kwa inu.

Akaunti_Kabwata:
Ndikugwirizana ndi a Sisitala, ndionjezere za ndalama. Anthu ambiri apantchito amadulidwa 1% ya malipiro awo mwezi uliwonse kupita ku NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, owalemba ntchito n'kuonjezera 1% ina, ndiye asanalowe amafunsa ngati mumalandira NHIMA. Pitani kuofesi yawo mufunse zofunika kuti akuvomerezeni komanso zomwe amalipira ku zipatala za pulaiveti panopa. Mudziwe kuti inshuwalansi iliyonse silipira tsiku lomwelo: mankhwala mumagula lero, ndalama zibwera pambuyo. Khalani ndi ndalama zoyendetsera miyezi itatu musanalowemo. Makilemu ambiri, mapepala opempha inshuwalansi kuti ikulipireni, amabwezedwa pa zinthu zazing'ono, monga nambala ya membala yolakwika, siginecha yosowa, kapena matenda olembedwa osagwirizana ndi mankhwala operekedwa. Munthu mmodzi aziwaona asanatumizidwe.

Njira ina ndi makampani ang'onoang'ono ozungulira inu: masukulu a pulaiveti, makampani a alonda, malo ogona alendo. Apatseni mtengo umodzi woyeza antchito atsopano, mugwirizane polemba, ndipo mulembemo tsiku lolipira. Osapereka ngongole pakamwa chabe.

Dr_M_Woodlands:
Ine sindikukana Facebook konse, bola musamale. Malamulo a ntchito yathu salola kulonjeza kuti muchiritsa, kudzitama kuti mukuposa zipatala zina, kapena kulipira munthu kuti azikutumizirani odwala. Chithunzi cha wodwala musachiike popanda chilolezo cholembedwa. Pali lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021. Lembani zophunzitsa, monga kasungunulidwe ka ORS, mankhwala obwezera madzi m'thupi, ndi zizindikiro za kolera mvula ikayandikira. Anthu sanaiwale za 2024 pamene odwala kolera ankagonekedwa kubwalo la masewera la Heroes Stadium, ndipo uthenga wotere amagawana okha pa WhatsApp.

Timapepala tinakanika chifukwa munthu wabwinobwino sasunga pepala la chipatala. Pemphani m'busa kapena komiti ya msika malo a tebulo Loweruka, mutadziwitsa kaye ofesi ya zaumoyo ya boma, muyeze BP kwaulere. Aliyense wopezeka ndi 140/90 kapena kupitirira, mulembereni kakhadi kobwera kudzayezedwanso. Ameneyo amabwera, popeza nambala waiona yekha.

Ikani kiliniki pa Google Maps ndi nambala yomwe imayankhidwa. Ndipo mumatseka nthawi yanji?

Kiliniki_Chelstone:
Timatseka 17 koloko, a Dokotala. Loweruka timathera masana.

Dr_M_Woodlands:
Ndiyetu mukutseka nthawi yomwe odwala anu akutsika mabasi pa Great East Road. Sinthani mashifiti kuti mufike 21 koloko, ndipo Lamlungu mutsegule masana. Gulani invertha kapena sola yokwanira magetsi apanja, labu ndi firiji, yomwe iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Magetsi akazima, kholo lonyamula mwana wotentha thupi limalowa pomwe pakuwala. Yesani miyezi itatu, ndipo aliyense watsopano mumufunse kuti wamva kwa ndani, muzilemba pakhadi lake.