Kodi kamlalang'amba ngati Segue 1 kanasiyiranji kupanga nyenyezi?

Mphunzitsi_Santhe

Moni nonse. Ana a kalabu ya sayansi pasukulu yathu kuno ku Santhe afika pa mutu wa milalang'amba, ndipo ndikufuna kuwayankha bwino, osati mongolambalala. Mlalang'amba wathu uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni ndipo ukupangabe zatsopano. Koma pali timilalang'amba tina totizungulira, ngati Segue 1, timene kuwala kwake konse n'kofanana ndi madzuwa 300 okha, ndipo nyenyezi zake zonse n'zokalamba. Chinaimitsa kubadwa kwa nyenyezi kumeneko n'chiyani? Nanga akatswiri amadziwa bwanji zaka za nyenyezizo? Komanso tikapita ndi ana kumalo amdima ngati ku Lifupa, tingakaone ngakhale kamodzi ndi telesikopu yaing'ono?

Nabanda

Aphunzitsi, yambani n'kuwauza ana kuti nyenyezi imabadwa mu mpweya wozizira kwambiri. Mpweya wa haidrojeni ukatentha umamwazika. Ukazizira, mphamvu yokoka imauunjika pamodzi mpaka pakati pake kuyaka. Ndiye kamlalang'amba kuti kapange nyenyezi kamafunika zinthu ziwiri: kakhale ndi mpweya, ndipo kathe kuugwira mpaka uzizire.

Timilalang'amba ngati Segue 1, timene akatswiri amatitchula kuti ultra-faint dwarfs, tinalephera pa chachiwiricho. Kuwala kwake sikufika madzuwa 100,000, ndipo mphamvu yake yokoka ndi yochepa zedi. Mu Segue 1 nyenyezi zimayenda pa liwiro la makilomita pafupifupi 4 pa sekondi. Yerekezerani ndi kuno kwathu: chinthu chimene chili pamene pali Dzuwa chiyenera kuthamanga makilomita oposa 500 pa sekondi kuti chithawe mlalang'amba wathu. Mlalang'amba wathu ndi mphika wozama; Segue 1 ndi phale. Madzi akawira m'phale, amatayikira pansi.

Moto wowiritsawo unachokera mbali ziwiri. Wina unali wa m'katimo. Nyenyezi yolemera kuposa Dzuwa kasanu ndi katatu kapena kupitirira imaphulika ikatha moyo wake, kuphulika kumene amakutcha supernova, ndipo zazikulu kwambiri zimaphulika patangopita zaka mamiliyoni ochepa chibadwire. Mwa kuwerengera kwapafupi, pa nyenyezi zolemera ngati madzuwa 100 zimene zabadwa, imodzi imaphulika. Ndiye mu Segue 1, mmene nyenyezi zonse zimalemera ngati madzuwa 1,000, munaphulika nyenyezi khumi kapena makumi ochepa basi. Koma m'phale lotere, kuphulika kamodzi kokha kutha kukankhira kunja mpweya wambiri.

Moto wachiwiri ndi umene ine ndimauona kuti ndi waukulu. Chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Zaka 1 biliyoni zoyambirira zisanathe, kuwala kwa ultraviolet, kwamphamvu koma kosaoneka ndi maso, kochokera ku nyenyezi ndi milalang'amba yoyamba kunadzaza paliponse n'kung'amba maatomu a haidrojeni. Nyengo imeneyi amaitcha reionisation. Mpweya unatentha kufika madigiri 10,000 mpaka 20,000, ndipo pa kutentha kotero tizigawo ta mpweya timathamanga makilomita 10 mpaka 20 pa sekondi. Timilalang'amba tating'ono kwambiri tinataya mpweya umene tinali nawo, ndipo choipa kwambiri, sitinathenso kukoka wina watsopano. Nkhokwe inatha, kumunda kopanda chokolola.

Chimene chikugwirizira nyenyezi zotsalazo si kulemera kwa nyenyezi zokhazo ayi. Ndi dark matter, chinthu chosaoneka chimene timachidziwira ku mphamvu yake yokoka, imene mu Segue 1 imaposa nyenyezi maulendo mazanamazana.

aPhiri_Chamama

Mayi Nabanda alongosola bwino. Ine ndiyankhe za zaka, chifukwa apa ndi pamene anthu amalakwitsa.

Amajambula dera lomwelo la thambo kawiri, kamodzi ndi sefa ya kuwala kobiriwira, kenako ndi ya kuwala kofiira. Nyenyezi iliyonse imapereka manambala awiri: kuwala kwake ndi mtundu wake. Mukaziika pa girafu, kuwala chokwera, mtundu chopingasa, zambiri zimafola pa mzere umodzi wopendekeka. Zolemera zimakhala pamwamba, zowala ndi zobiriwira, ndipo zimafa msanga. Choncho gulu likamakalamba, mzerewo umadyeka kuchokera pamwamba ngati mzimbe. Pamene wathera n'kukhotera kumbali yofiira ndi pamene pamanena zaka. Mu timilalang'amba timeneti umakhota pa nyenyezi zolemera 0.8 ya Dzuwa, kutanthauza zaka pafupifupi 13 biliyoni.

Mu 2014 gulu la Thomas Brown linasindikiza zimene telesikopu ya Hubble inaona pa timilalang'amba tisanu ndi kamodzi: Boötes I, Canes Venatici II, Coma Berenices, Hercules, Leo IV ndi Ursa Major I. Anapeza kuti nyenyezi 80 pa 100 zilizonse zinali zitabadwa kale zaka 12.8 biliyoni zapitazo, ndipo pofika zaka 11.6 biliyoni zapitazo ntchito inali itatheratu. Tonse tisanu ndi kamodzi, ngakhale tili mbali zosiyana za thambo, tinaima nthawi imodzi. Chinthu chimene chingazimitse moto m'midzi yotalikirana usiku umodzi chiyenera kuchokera kumwamba. Umboni wamphamvu wa reionisation ndi umenewo.

Tsono zosokoneza. Nyenyezi za mlalang'amba wathu zimene zili kutsogolo zimalowa m'chithunzi, ndipo nthawi zambiri zimachuluka kuposa zimene mukufuna. Kuchokera mu 2018 setilaiti ya Gaia yathandiza, chifukwa inayeza mmene nyenyezi iliyonse ikusunthira, ndipo zosayendera limodzi ndi gulu zimachotsedwa. Mukalakwitsa mtunda pang'ono, girafu yonse imasuntha ndipo zaka zimalakwika. N'chifukwa chake amasakasaka nyenyezi za RR Lyrae, zimene kuwala kwake kwenikweni kumadziwika. Kuchuluka kwa ayironi nako kumasokoneza: nyenyezi yokalamba yosowa ayironi ingaoneke mtundu wofanana ndi yocheperapo zaka imene ili ndi ayironi wambiri, choncho ayironi amamuyeza padera pomwaza kuwala kwa nyenyeziyo. Msampha womaliza ndi nyenyezi zotchedwa blue stragglers. Izi n'zakale, koma zinayamwa mpweya wa inzake kapena kuphatikizana nayo, n'kumaoneka zobiriwira ngati zachinyamata. Wosasamala amalengeza kuti wapeza nyenyezi zatsopano pamene palibe.

Mphunzitsi_Santhe

Zikomo kwambiri nonse awiri. Koma mwana wina adzandifunsa kuti mwina mlalang'amba wathu womwewu ndi umene unatilanda mpweya, popeza tili pafupi nawo. Ndimuyankhe chiyani?

WakuNkhamenya

Mumuuze kuti funso lake ndi lanzeru, aphunzitsi, ndipo kulandako kumachitikadi. Mlalang'amba wathu wazunguliridwa ndi mpweya wopyapyala wotentha madigiri pafupifupi 1 miliyoni. Kamlalang'amba kakamadutsamo pa liwiro la makilomita 200 kapena 300 pa sekondi, mpweya wake umaululuka ngati mankhusu pa lichero, nyenyezi n'kutsala. Kupatula Mitambo iwiri ya Magellan (milalang'amba iwiri yoyandikana nafe yooneka ndi maso), pafupifupi tonse timene tili mkati mwa mtunda wa zaka za kuwala 900,000 (chaka cha kuwala ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa chaka chimodzi) tilibe mpweya wa haidrojeni wooneka.

Vuto ndi nthawi. Tambiri mwa tozimirira kwambiri tinasiya kupanga nyenyezi tisanalowe n'komwe m'dera la mlalang'amba wathu, ndiye wakuba anapeza nkhokwe yatha kale. Kulanda kuja kumalongosola bwino tokulirapo ngati Fornax ndi Carina, timene tinapitiriza kubala kwa zaka mabiliyoni ambiri.

Musawabisire ana za Leo T. Kanapezeka mu 2007, kali pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 1.4 miliyoni, kuwala kwake kuli m'malire enieni a gulu lozimirirali, koma kali ndi haidrojeni wolemera ngati madzuwa 400,000 ndi nyenyezi zina za zaka mamiliyoni mazana ochepa chabe. Leo P, kamene kanapezeka mu 2013 ndi telesikopu ya wailesi ya Arecibo, kali kutali kuposa pamenepo ndipo kakubalabe. Zikuoneka kuti kulemererapo pang'ono ndi kukhala kwaokha kumapulumutsa.

Nabanda

Za ku Lifupa, aphunzitsi, yankho ndi ayi, musavutitse ana. Kamene kali bwino kumwamba kwathu ndi Reticulum II, kamene kanapezeka mu 2015 ndi kafukufuku wa Dark Energy Survey ku Chile, pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 100,000. Kuno ku Kasungu kamakwera madigiri 49 kum'mwera. Koma diso limalekera pa maginichudi 6 (muyezo wa kuwala kwa nyenyezi; nambala ikamakula, nyenyezi imazimirira), telesikopu ya masentimita 20 cha pa 13 kapena 14, pamene nyenyezi zake zowala kwambiri zili cha pa 16. Pokhota mzere paja pali cha pa 21, kuzimirira maulendo 1 miliyoni kuposa pamene diso limalekera.

Komabe auzeni nkhani yake, ndi yokoma. Mu 2016 Alexander Ji ndi anzake anapeza kuti nyenyezi 7 mwa 9 zowala kwambiri za mmenemo zadzaza europium ndi barium, pamene timilalang'amba tinzake tilibe pafupifupi n'komwe. Chifukwa chomveka n'chakuti nyenyezi ziwiri za manyutironi (zotsalira zothinana kwambiri za nyenyezi zimene zinaphulika) zinagundana kamodzi kokha kalelo, n'kuthira zitsulozo mu mpweya wonse nyenyezi zomaliza zisanabadwe. Mu mlalang'amba wathu chizindikiro chotere chinasakanizika kalekale. Kumeneko chinasungika ngati mbewu yamakolo.

Chimene ana angachite ndi manja awo ndi ichi. Kumayambiriro kwa Novembala, mwezi kulibe, cha m'ma 9 koloko usiku, yang'anani kum'mwera madigiri pafupifupi 30 kuchokera pansi. Muona Mtambo Waung'ono wa Magellan, ndipo pambali pake kadontho kambuu, gulu la nyenyezi zakale la 47 Tucanae. Sankhani usiku wotsatira mvula yoyamba, utsi wa lupsa utatsukika. Kenako lowani pa intaneti mu nkhokwe ya Gaia, imene ndi yaulere, mutenge nyenyezi zozungulira 47 Tucanae koma mupewe pakati penipeni pothithikana. Ikani G (kuwala kwa nyenyezi) chokwera, manambala aang'ono pamwamba, ndi BP−RP (mtundu wake) chopingasa. Muona mzere ukukhota cha pa 17, komanso nyenyezi zina zachilendo pambali: zimenezo n'za Mtambo Waung'ono umene uli kuseri. Manambala otchedwa pmra ndi pmdec amasonyeza mmene nyenyezi ikusunthira pathambo. Siyani zokhazo zimene pmra yake ili pafupi ndi 5.25 ndipo pmdec pafupi ndi −2.55, mujambulenso. Zachilendo zija zichoka, mzere utsala woyera.