N'chifukwa chiyani asilikali anakhala zaka zinayi m'ngalande?

Wophunzira wa ku Ngabu:

Akuluakulu, ndine mwana wasukulu wa Fomu 4 ndipo tikuphunzira za nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti ku France ndi ku Belgium asilikali anakumba ngalande n'kukhala m'menemo pafupifupi zaka zinayi, adani awo ali poteropo. Chinawaletsa n'chiyani kungothamanga kukalanda ngalande za adaniwo, kapena kuwazembera cham'mbali? Nanga azigogo athu a kuchigwa kuno anamenya nawo nkhondo m'ngalande zomwezo?

Mphunzitsi wopuma, Nchalo:

Mwanangu, zozembera cham'mbalizo anayesa ndithu. Asilikali a Germany atabwezedwa ndi a France ndi a Britain pa mtsinje wa Marne ku France mu Sepitembala 1914, mbali iliyonse inkafuna kuzungulira inzake chakumpoto, mpaka onse anakatsirizira kunyanja. Chaka chimenecho chisanathe, ngalande zinali zitayambira m'mphepete mwa nyanja ku Belgium kukafika kumalire a Switzerland, mtunda wa makilomita pafupifupi 700, ndipo panalibenso mpata woti gulu lankhondo lidutsire.

Zothamangira adani maso ndi maso ndiye zinali zongokatayitsa miyoyo, chifukwa zida za nthawi imeneyo zinkakomera wobisala kuposa wobwera. Mfuti imodzi yachiwaya inkalavula zipolopolo pafupifupi 500 pa mphindi imodzi, ndipo kutsogolo kwa ngalande iliyonse ankayalako waya waminga wopiringizana, moti munthu akangokodwa pamenepo ankasanduka chandamale. Ngalandezo ankazikumba mokhotakhota kuti bomba likagwera m'kati lisaphe anthu ambiri, komanso zinali m'mizere ingapo: wakutsogolo, wothandizira ndi wakumbuyo. Ukalanda mzere umodzi unkapeza wina ukukudikira, pamene adani akubweretsa anthu atsopano pasitima yapamtunda, iwe ukukoka mizinga yako m'matope ndi mahatchi.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha nkhondo ya ku mtsinje wa Somme ku France. Asilikali a Britain anaomba mizinga kwa sabata yathunthu, mabomba oposa miliyoni imodzi, poganiza kuti wayayo aduka ndipo adani atheratu. Koma a Germany anali atakumba zipinda zakuya pansi pa nthaka, ndipo mizinga itangoleka m'mawa wa pa 1 Julayi 1916, anatuluka n'kutchera mfuti zawo. Pa tsiku limodzi lokhalo asilikali a Britain oposa 19,000 anaphedwa, ndipo tikaphatikiza ovulala ndi osowa anapitirira 57,000. Utsi wapoizoni umene a Germany anautulutsa ku Ypres mu Epulo 1915 sunatsegule njira, ngakhalenso akasinja oyamba a mu Sepitembala 1916, amene ankangowonongeka panjira. Kuboola mizere ya ngalandezo kunatheka mu 1918, pamene magulu ankhondo anaphunzira kuyendetsa pamodzi mizinga, akasinja, ndege ndi asilikali oyenda pansi.

Mayi wa ku Makhanga:

Aphunzitsi afotokoza bwino za zida, koma ine ndikufuna mwanayu aganizirenso za madzi, chifukwa ife akuchigwa nkhani imeneyi tingaimvetse kuposa ambiri. Dera la Flanders ku Belgium ndi lathyathyathya ndipo madzi ali pafupi ndi nthaka, moti ukakumba pang'ono amayamba kutumphuka, monga zimachitikira kudimba kwathu kuno. M'malo ena sankatha n'kukumba komwe, ankangounjika matumba a dothi kukhala khoma, pansi n'kuyala matabwa opondapo. Ku Passchendaele mu 1917 mvula inagwa pa nthaka yogumulidwa ndi mabomba, ngalande zotayira madzi za alimi zitawonongeka, ndipo anthu ndi nyulu ankamira m'matope osatulukanso.

Madzi atasefukira kuno mu Januwale 2015, ndinakhala masiku awiri miyendo ili m'madzi, ndipo nditafika pouma khungu la kumapazi linali litayera n'kukwinyika, pakati pa zala pakusupuka. Amenewo anali madzi ofunda a kuno. Tsono taganizirani munthu woima m'madzi ozizira ngati ayezi, majombo osavula, usana ndi usiku. Mapazi ankachita dzanzi, n'kutupa, n'kuyamba kuola, ndipo ena ankadulidwa zala kapena phazi lonse. N'chifukwa chake akuluakulu a asilikali a Britain analamula kuti anthu azisintha sokosi, azidzola mafuta a nangumi kumapazi ndiponso aziyenderedwa mapaziwo. Pamwamba pa zimenezi panali nsabwe m'misoko ya zovala, ndi makoswe onenepa ndi mitembo imene inkasiyidwa pakati pa ngalande za mbali ziwirizo popeza wokaitola akanaomberedwa. Komabe musaganize kuti munthu mmodzi ankakhala kutsogolo zaka zonsezo, popeza ankasinthana pakapita masiku angapo, ena n'kubwerera kumbuyo kukapuma ndi kukagwira ntchito zonyamula katundu.

Bambo wa ku Nsanje:

Pa funso lachiwirilo, loti kodi azigogo athu anamenya nawo nkhondo m'ngalandezo, yankho n'lakuti ayi. Amuna a ku Nyasaland amene analowa m'gulu la King's African Rifles anamenya nkhondo kuno kum'mawa kwa Africa, kuyambira pa Karonga mu Sepitembala 1914, kenako m'dziko limene lero ndi Tanzania ndi ku Mozambique, polondola gulu la von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany kumeneko, amene anadzagonja ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, mu Novembala 1918. Maenje obisalamo ankakumba ndithu, koma nkhondo yake inali yoyenda m'tchire, ndipo malungo, kamwazi ndi njala zinapha anthu ambiri kuposa zipolopolo. Ochuluka kwambiri sanagwire n'komwe mfuti, koma anali amtengatenga, osenza katundu pamutu, ndipo ambiri mwa iwo ankachita kugwidwa m'midzi. Njanji yochokera kuno ku Nsanje, kumene kale ankati Port Herald, kupita ku Blantyre inali itatsegulidwa mu 1908, choncho katundu wankhondo ankadutsa m'chigwa mwathu muno. Akuluakulu ankaitcha nkhondoyo kuti ya Chiwaya, potengera mfuti ija imene inkalira ngati chimanga chikuthetheka m'chiwaya. Mwanangu, ukadzapita ku Zomba ukaime pa chipilala cha chikumbutso cha asilikaliwo pafupi ndi Cobbe Barracks, ukawerenge mayina amene analembedwapo.